Makoko a zipolopolo: mmene ndimasankhira ndi kudziwa mtengo wake

Lolemba lililonse m'mawa, mame asanakamuke, ndimatenga reki, wilibala ndi ndowa zinayi n'kulowa m'bwalo lowomberapo mfuti lomwe ndimagwirapo ntchito, chakum'mawa kwa Pretoria. Loweruka ndi Lamlungu pamakhala pikitipikiti, ena akukonzekera mpikisano, ena ndi alenje odzayesa mfuti zawo nyengo yosaka isanafike. Akachoka, pansi ponse pamatsala timakoko tachikasu tili mbwee. Eni dziko amati doppie, ife timangoti madopi. Kwathu ku Kasungu ndinakulira m'chigafa, kusankha fodya pambali pa bambo anga, ndipo luso lomwelo ndi lomwe likundithandiza kuno. Abale ambiri amene akugwira ntchito m'mafamu a nyama zakutchire ndi m'mabwalo ngati lathuli amandifunsa ngati madopiwa ali ndi ndalama. Ndalama ilimo. Koma ndowa imodzi yomweyo ikhoza kugulidwa ngati zitsulo zakutha kapena ngati katundu wofunika, ndipo kusiyana kwake kuli m'manja mwa wosankhayo.

Muyambe mwadziwa chifukwa chomwe munthu angagulire khoko lopanda kanthu. Chipolopolo chili ndi zinthu zinayi: mutu umene umauluka, onga umene umapsa, pulayima imene imathetheka ikamenyedwa, ndi khoko losunga zonsezi. Mfuti ikalira, zitatu zoyambazo zatha ntchito. Lotsala ndi khoko lokha, ndipo pa zipolopolo za mfuti zazitali khokolo ndi limene nthawi zambiri limadula kuposa zinzake. Limapangidwa ndi bulasi, wosakaniza kopa magawo 70 ndi zinki magawo 30 pa 100 alionse. Bulasi ameneyu amafufuma moto ukabuka mkati, n'kumatirira kukhoma la mfuti kuti mpweya wotentha usabwerere kumaso kwa wowombera, kenako amabwerera pang'ono kuti khoko lituluke mosavuta. Munthu wodzaza yekha zipolopolo amalifinya m'makina kuti libwerere mu msinkhu wake, amaika pulayima yatsopano, onga ndi mutu, basi chipolopolo chabadwanso. Khoko labwino la mfuti yaitali amaliyembekezera kubwereza kasanu kapena kuposerapo, ndipo la 9mm (nambala zotere zimanena msinkhu wa chipolopolo) limatayika mu udzu lisanatope.

Za malamulo ndinene msanga, chifukwa ife alendo kolakwika kakang'ono kamatikulira. Lamulo la mfuti la kuno, Firearms Control Act ya 2000, limati chipolopolo ndi chipolopolo chathunthu kapena pulayima. Khoko lowombera kale silili m'gulu limenelo. Wololedwa kudzaza ndi mwini laisensi ya mfuti, ndipo amadzazira mfuti yake yomweyo. Ine laisensi ndilibe, choncho ntchito yanga imathera pa khoko lopanda kanthu. Onga sindiukhudza, pulayima yatsopano sindiisunga. Chinanso, madopi ali ndi eni ake. Amene wawombera ndi mwini khoko mpaka atalisiya, ndipo ambiri amalemba thako la makoko awo ndi peni yofiira kapena yabuluu kuti awazindikire. Akalisiya, limakhala la mwini bwalo. Ine ndinakambirana ndi abwana poyera: ndisankha, ndiyeretsa, tigawana zotuluka. Musatole musanapemphe. Ndipo khoko lomwe mwalipeza pamsewu kapena mulokeshoni musaliyandikire n'komwe, chifukwa mfuti iliyonse imasiya zipsera zake pa khoko, ndipo apolisi amalifuna ngati umboni.

Ndikafika nazo pamthunzi ndowa zija, ndimavala magolovesi n'kukhuthulira pa sefa ya waya kuti mchenga ndi timiyala tigwe. Kenako ndimayala zonse pa tebulo, pang'onopang'ono, monga mayi amayalira nyemba m'lichero. Choyamba kufuna si khoko labwino ayi, ndi chipolopolo chamoyo. Mundowa iliyonse simulephera kupezeka chimodzi kapena ziwiri: china chinagwa m'thumba la munthu, china chinamenyedwa koma sichinalire. Chosalirachi chikadali choopsa. Chikalowa m'thumba la zitsulo n'kukafika m'ng'anjo yosungunulira, chikhoza kuvulaza munthu amene sakudziwa kanthu. Ndimaziika m'kachitini kapadera n'kukapereka kwa woyang'anira bwalo tsiku lomwelo, osagona nazo.

Pambuyo pake ndi maginito. Yanga ndinaichotsa m'sipika yakutha, ndipo ndimaikulunga m'pulasitiki kuti zomatirira ndizichotse mosavuta. Bulasi sagwidwa ndi maginito. Chilichonse chodumphira ku maginito ndi chitsulo wamba, ngakhale chitaoneka chofiirira ngati kopa, monga makoko ambiri a 7.62x39. Thako lonyezimira la zipolopolo za shotigani nalonso limanamiza maso, lambiri ndi chitsulo chongokutidwa. Palinso makoko otuwa, opepuka m'dzanja, omwe maginito sawagwira: amenewo ndi aluminiyamu, amawombera kamodzi basi, ndipo akasakanikirana ndi bulasi amagwetsa mtengo wa thumba lonse. Musawasokoneze ndi makoko oyera mbuu onyezimira ngati kalilole. Amenewa ndi bulasi wokutidwa ndi nikelo, amalemera ngati anzawo achikasu ndipo amadzazika, kungoti amakonda kung'ambika kukamwa msanga, choncho ndimawaika paokha.

Timakoko ta .22 timachuluka kwambiri, koma tilibe pulayima yapakati. Mankhwala othethetsa ali m'mphepete mwa thako, pomwe mudzaona kachipsera kophwanyika. Anthu satidzaza. Tonse timapita kusikelo ya ogula zitsulo zakutha.

Tsopano pafika pomwe pagona nkhani. Tengani tochi muunikire mkati mwa khoko, pansi penipeni. Mukaona bowo limodzi pakatikati, limenelo ndi la mtundu wa Boxer, ndipo ndi lomwe ogula amafuna, chifukwa kasingano ka makina awo kamalowa pabowopo n'kukankha pulayima yakale. Mukaona timabowo tiwiri ting'onoting'ono tili pambali, limenelo ndi Berdan. Maina awiriwa ndi a anthu: Edward Boxer anali msilikali wa ku Britain, Hiram Berdan anali wa ku America, ndipo onse anatulukira njira zawo m'zaka za m'ma 1860. Kunja makoko awiriwa amafanana ndendende. Kuno nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa makoko akale a asilikali opangidwa ndi fakitale ya PMP ku Pretoria, a 7.62x51 a mfuti ya R1 ndi a 5.56 a R4, ndi a Berdan, pomwe a PMP ogulitsidwa kwa alenje m'masitolo ndi a Boxer.

Ndinaphunzira zimenezi movutika. Chaka changa choyamba ndinagulitsa makoko 200 a .308 kwa mkulu wina wa imvi, mlenje wofatsa kwambiri. Ndinali nditawatsuka mpaka kuwala, koma mkati sindinaunikire. Patatha sabata anabwera ndi kasingano kothyoka m'dzanja limodzi, ndi makoko 30 m'dzanja linalo. Sanakalipe. Anangonditengera padzuwa, n'kupendeketsa khoko limodzi kuti kuwala kulowe, n'kunena kuti, "Taona, awiri." Ndinamva manyazi omwe ndinawamvapo ndili mwana tsiku lomwe belo la bambo linabwezedwa ku okushoni ku Kanengo chifukwa cha masamba osakaniza. Ndinamubwezera ndalama yake, ndipo kuyambira tsiku limenelo palibe khoko la mfuti yaitali limene limalowa m'thumba langa ndisanaliunikire.

Kusankha misinkhu kumafuna maso ndi kudekha. Pa thako la khoko lililonse pali chidindo chonena wopanga, ndipo pa a m'sitolo chimanenanso msinkhu. Amene amavuta kwambiri ndi abale a 9mm. Khoko la 9mm wamba ndi lotalika mamilimita 19, la Makarov 18, la .380 ndi 17. Ali mulu simungawasiyanitse. Ine ndimawaimika pa thabwa losalala, mizere mizere, n'kuwerama kuyang'ana cham'mbali: lalifupi limaonekera lokha ngati mwana pakati pa akulu. Samalaninso ndi makoko olowana. La 9mm limalowa bwinobwino m'kamwa mwa la .40, la .40 limalowa mwa la .45, ndipo mukawatsuka ali choncho mchenga umawamanga mpaka kufuna pulayala. Asiyanitseni musanatsuke. A .45 ACP nawonso alipo a mitundu iwiri, ena a pulayima yaikulu, ena yaing'ono, ndipo wogula safuna kuwapeza m'thumba limodzi. Ku mfuti zazitali, .243 ndi .308 amasiyana pakhosi pokha, chimodzimodzi .270 ndi .30-06. Werengani chidindo, musadalire maonekedwe.

Makoko a asilikali amene ali ndi kamtanda m'kati mwa kabwalo, chizindikiro cha NATO, kawirikawiri pulayima yake imakhala yopanikizidwa ndi kamkombero kuti isasolokere m'mfuti. Akakhala a Boxer amadzazika, koma wogula ayenera kuyamba wachotsa kamkomberoko, ntchito yotopetsa. Muuzeni, ndipo mtengo utsike pang'ono. Mukaona khosi la khoko lili ndi mtundu wobiriwira mofiirira ngati utawaleza wozilala, musataye. Si dzimbiri. Ndi chizindikiro chakuti khosilo linawambidwa pamoto kufakitale kuti lifewe, ndipo ndi chinthu chabwino.

Kenako kuyendera limodzilimodzi. Ndimagubuduza khoko pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, maso ali pakhosi. Kamng'alu kakang'ono ngati tsitsi, latha. Makoko a mfuti zazing'ono ndimawatenga odzaza dzanja n'kuwagwedeza pafupi ndi khutu: abwino amalira ngwee, koma pakakhala long'ambika limamveka mogonthera, ngati mbale yosweka. Lotupa mimba pafupi ndi thako, monga ena a .40 amachitira, ndimalichotsa. Lopanda pulayima chifukwa inagwa yokha, kapena lomwe chidindo chake chaphwatalala, linadzazidwa mopyola muyezo ndipo thako lake lafutukuka. Lopindika pang'ono kukamwa chifukwa chopondedwa limawongoka m'makina, koma lopindika paphewa mwamphamvu ayi.

Choopsa kuposa zonse sichionekera msanga. Khoko la mfuti yaitali limatanuka pang'ono nthawi iliyonse likawomberedwa, ndipo chitsulo chimapyapyala mkati, chapamwamba pang'ono pa thako. Kunja mumaona kamzere kowala kozungulira khoko ngati mphete. Likadzazidwanso likhoza kuduka pakati, thako n'kutuluka, mbali inayo n'kutsala m'mfuti, mpweya wamoto n'kubwerera kwa wowombera. Kuti ndidziwe, ndimawongola kawaya kopanira mapepala, n'kupinda kansonga kake, n'kukalowetsa mpaka pansi. Ndikamakakoka mokanda khoma, ngati pali kangalande mkatimo kansongako kamakodwa, ndipo chala chimamva. Makoko a .303 ndiwo amandidetsa nkhawa kwambiri, popeza mfuti zakale za Lee-Enfield zikadali zambiri m'mafamu a kuno, ndipo zimatanula makoko kuposa mfuti zina. Lililonse lokayikitsa ndimaliphwanya kukamwa ndi pulayala ndisanaliponye m'ndowa ya sikelo, kuti wina asadzalitolenso.

Pali vuto lina la kuno kwenikweni. Miyezi ya June mpaka August udzu umauma gwaa, ndipo moto wolusa umadutsa m'mphepete mwa bwalo. Makoko omwe apsa ndi motowo mukawatsuka amawala ngati anzawo, koma thako lawo lafewa, ndipo thako ndi lomwe liyenera kukhala lolimba kuposa paliponse. Ndikatola pa lupsa, zonse zimapita kusikelo popanda kukambirana. Pa chifukwa chomwecho musaumitse makoko pa mbaula kapena mu uvuni wotentha kwambiri.

Kutsuka sikovuta. Madzi ofunda m'ndowa, sopo wotsukira mbale pang'ono, ndi kasupuni ka citric acid, ufa wowawasa uja umagulitsidwa pa shelefu ya zophikira makeke. Ndimavundula kwa mphindi 15 kapena 20, kutsukuluza kawiri ndi madzi oyera, n'kuyanika pa thumba padzuwa, ndikumawatembenuza mpaka mkati mouma. Mukawaiwala m'madzi owawasawo amasanduka ofiirira, chifukwa zinki wapamwamba wadyeka. Abwana ali ndi makina ogubuduza omwe amathiramo zitsononkho zogaya kapena timisomali ta chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo makoko amatulukamo ngati atsopano. Kuwala kumakopa wogula, koma phindu lenileni la kutsuka ndi lakuti mchenga sukanda makina ake, komanso ming'alu imaonekera bwino. Khoko lakuda bii kapena lomera zobiriwira, lokumbika timaenje, musalimbane nalo.

Musapake Brasso kapena mankhwala alionse okhala ndi amoniya. Ndikudziwa kuti dzanja limayabwa, poti tonse tinakula tikuona mabelu ndi malamba akuwalitsidwa nayo. Amoniya amalowerera bulasi wofinyidwa n'kumung'amba mwakachetechete. Asilikali a Britain ku India anazionera okha: zipolopolo zomwe ankasunga m'makola a akavalo nthawi ya dzinja zinkang'ambika makosi, ndipo mu 1921 zinadziwika kuti gwero lake linali amoniya wochokera mu mkodzo wa akavalowo.

Kunena za thanzi, fumbi lakuda la m'makoko lili ndi mtovu wochokera mu pulayima. Silipweteka lero, limaunjikana m'thupi mwakachetechete, ndipo limaononga kwambiri ana. Ndimasankhira panja, sindidya kapena kusuta ndili pa tebulo, ndimasamba m'manja ndi sopo, ndipo ovolosi yantchito siilowa m'chipinda chomwe mwana wanga amagona. Madzi otsukira sindithira m'dimba la ndiwo. Ndowa yamadopi isadzakhalenso ndowa yamadzi akumwa.

Nanga mtengo mumaudziwa bwanji? Yambirani pansi. Pitani kapena imbani kwa ogula zitsulo zakutha mufunse mtengo wa bulasi pa kilogalamu tsiku limenelo, poti umakwera ndi kutsika motsatira mtengo wa kopa pa msika wa dziko lonse. Khoko la 9mm limalemera pafupifupi magalamu 4, ndiye kuti pa kilogalamu pamalowa makoko pafupifupi 250. La .223 ndi magalamu 6, makoko 160 pa kilo. La .308 ndi magalamu 11 kapena 12, makoko osafika 100. Gawani mtengo wa kilo ndi nambala zimenezi, mwapeza mtengo wotsikitsitsa wa khoko limodzi. Wodzaza akakupatsani wochepera pamenepo, kuli bwino kupita kusikelo. Kulemera komweku kumathandizanso powerenga: ndimawerenga 100 ndi manja, kuyeza pa sikelo ya kukhitchini, kenako otsalawo ndimangoyeza, n'kuwonjezera ochepa apamwamba monga amachitira mayi wogulitsa tomato.

Pamwamba pake ndi mtengo wa khoko latsopano m'sitolo ya mfuti. Palibe angagule lakale pa mtengo wa latsopano, choncho lanu lili pakati pa awiriwa, ndipo chomwe chimalikweza ndi kusowa kwake. A 9mm ali paliponse, aliyense amatola ake, ndiye amangoposa sikelo pang'ono ndipo amayenda m'matumba a 500 kapena 1,000. A .308, .243, .270 ndi .30-06 amayenda bwino nyengo yosaka ikamayandikira. A 6.5 Creedmoor, msinkhu womwe kampani ya Hornady inatulutsa mu 2007, achinyamata owombera patali amawafunsa kawirikawiri. Koma ndikapeza la .375 H&H, la 9.3x62 kapena la 7x57, ndimalipukuta n'kuliika m'kabokosi kake, chifukwa makoko otere ndi osowa ndipo amadula. Dzina la wopanga nalonso limalankhula. Lapua ya ku Finland ndi Norma ya ku Sweden amalemekezedwa kwambiri, kenako Hornady, Winchester, Federal, PMP, Sellier & Bellot ya ku Czech Republic ndi PPU ya ku Serbia. Wowombera mpikisano amafuna thumba la chidindo chimodzi, chifukwa makoko a opanga osiyana amasiyana kukula kwa mimba mkati, ndipo kusiyana kumeneko kumaonekera pa chandamale. Thumba la chidindo chimodzi limadula kuposa losakaniza, ngakhale makoko ake ali omwewo amene anali mundowa imodzi m'mawa.

Mawu amene ogula amafunsa nthawi zonse ndi akuti once-fired, kutanthauza khoko lowomberedwa kamodzi kokha chichokereni kufakitale. Apa ndi pomwe anthu ambiri amanama, ena mosadziwa. Khoko lotola pansi simungalumbire kuti lawomberedwa kangati. Ndipotu munthu wodzaza yekha sasiya khoko labwino pansi. Akalisiya, mwina waona kuti latopa. Ine ndimanena kuti ndi lowomberedwa kamodzi pokhapokha ndaona ndi maso anga munthu akutsegula bokosi latsopano, monga amachitira a makampani achitetezo akabwera kudzaphunzitsa alonda awo, kapena ngati kamkombero ka pulayima ya asilikali kakadalipo. Ena onse ndimalemba pa kapepala kuti ndi otola pabwalo, osadziwika mbiri. Pa thumba lililonse pamakhala msinkhu, chidindo, chiwerengero, ndi mawu akuti Boxer, ndipo mkulu wa imvi uja ndi amene tsopano amanditumizira anzake.

Zotsala zonse, za Berdan, zong'ambika, zopsa ndi timakoko ta .22, ndimasunga m'migolo youma mpaka zitakwana ulendo. Kwa ogula zitsulo tengani pasipoti yanu, chifukwa lamulo la Second-Hand Goods Act la 2009 limawalamula kulemba amene wawagulitsa. Ine ndimatenganso kalata ya abwana yonena komwe makokowo achokera. Ena amakhuthula thumba lonse pansi kufuna chipolopolo chamoyo, ndipo akapeza mchenga, madzi kapena chitsulo amadula mtengo. Funsani malo awiri kapena atatu musanagulitse, ndipo muime pomwe mukuona nambala za sikelo.

Chaka chatha ndikukonzekera ulendo wa kumudzi, mphwanga ananditumizira uthenga pa WhatsApp kupempha khoko limodzi lalikulu loti apangire chokolekera makiyi. Ndinali nalo la .375 lokongola kwambiri, lophwanyika pang'ono paphewa. Ndinaliganizira ulendo wa basi: Beitbridge, Nyamapanda, Zobue, Mwanza, malo onsewo chikwama chikutsegulidwa, ndi msilikali amene sangakhale ndi nthawi yomva kuti khokolo ndi lopanda kanthu. Ndinalibwezera m'mgolo, ndipo madzulo a tsiku lonyamuka ndinakhuthula matumba onse a jekete ndi ovolosi, mpaka ndinapeza ka .22 kamodzi katabisala mu msoko. Mphwangayo ndinamugulira chokolekera makiyi cha mikanda pa Park Station.